Kudzutsa mwana wosabadwa ndi phokoso: zomwe mtima wake umauza azamba pa nthawi yochira

M'chipinda chochirira cha chipatala chilichonse, kaya ndi pachipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde kapena pachipatala chaching'ono cha Phalula ku Balaka, mzamba amasamalira anthu awiri nthawi imodzi. Mmodzi amaoneka, amalankhula ndipo amaloza pomwe pakumupweteka. Winayo ali m'mimba, ndipo uthenga wokhawo womwe angatumize kunja ndi kugunda kwa mtima wake ndi kutakataka kwake. Ntchito yaikulu ya mzamba pa maola amenewa ndi kumva uthengawo ndi kuutanthauzira nthawi isadathe.

Nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Lipoti lomwe nthambi za bungwe la United Nations zidatulutsa m'chaka cha 2020 lidaonetsa kuti chaka chilichonse ana pafupifupi 2 miliyoni amabadwa atamwalira kale padziko lonse, ndipo oposa 40 mwa 100 alionse amafera m'mimba matenda atayamba kale. Ambiri mwa ana otere amafika pakhomo la chipatala mtima ukugunda. N'chifukwa chake akatswiri akhala akufunafuna njira zachangu zodziwira ngati mwana akupirira bwino ululu wa ulendowu kapena wayamba kubanika. Imodzi mwa njirazo ndi yomudzidzimutsa ndi phokoso, kenako n'kumvetsera momwe mtima wake wayankhira.

Zomwe mwana amakumana nazo matenda akayamba

Mwana wosabadwa sapuma ndi mapapo ake. Mpweya wa okosijeni amaulandira kuchokera m'magazi a mayi ake kudzera munsengwa ndi chingwe cha mchombo. Matenda akayamba, chiberekero chimakungika n'kumasuka mobwerezabwereza, ndipo pamene chakungika mwamphamvu chimafinya mitsempha yopititsa magazi kunsengwa. Kwa kanthawi, mwana amalandira mpweya wochepa, ngati munthu wosambira amene wamira pang'ono asadavuuke kuti apume. Mwana wathanzi amapirira zimenezi chifukwa chiberekero chikamasuka magazi amayendanso.

Vuto limadza pamene mpata wopumirawo wachepa kapena pamene mwana adalowa mumatenda ali wofooka kale. Izi zimachitika matenda akatalika kwambiri, njira ikachepa poyerekeza ndi mutu wa mwana, chingwe cha mchombo chikapanikizika, nsengwa ikayamba kulekana ndi chiberekero nthawi isadakwane, kapena masiku akapitirira kwambiri. Kuthamanga kwa magazi, malungo ndi kuchepa kwa magazi m'thupi la mayi nazonso zimafooketsa nsengwa. Mankhwala ofulumizitsa matenda, kaya ndi achipatala operekedwa mopyola muyeso kapena azitsamba monga mwanamphepo, angachititse chiberekero kukungika mosalekeza, mwana n'kusowa mpata wolandira mpweya. Mpweya ukasowa kwa nthawi yaitali, m'magazi a mwana mumachuluka asidi, ndipo ubongo ndi mtima zimayamba kufooka.

Mtima wa mwana wathanzi umagunda maulendo 110 mpaka 160 pa mphindi imodzi, pafupifupi kuwirikiza kawiri mtima wa munthu wamkulu. Sugunda mofanana ngati wotchi. Umakwera pang'ono n'kutsika pang'ono, ndipo mwana akatakataka umathamanga kwa masekondi angapo kenako n'kubwerera mwakale. Kusinthasintha kotere kumasonyeza kuti ubongo ukulandira mpweya wokwanira ndipo ukulamulira mtima bwino lomwe.

Apa ndi pomwe pagona chovuta. Mwana amagona m'mimba, kawirikawiri kwa mphindi 20 mpaka 40, ndipo akagona mtima wake umadekha, kusinthasintha kuja kumachepa. Mwana amene wayamba kubanika nayenso mtima wake umaoneka wodekha chimodzimodzi. Mzamba kapena dotolo amayenera kusiyanitsa awiriwa. Akaganiza kuti mwana wabanika pomwe wangogona, mayi amachitidwa opaleshoni yosafunikira, yomwe ili ndi zoopsa zake ndipo imasiya chipsera pachiberekero. Akaganiza kuti wagona pomwe wabanika, mwana akhoza kufa kapena kubadwa ubongo utavulala.

Momwe mayeso a phokoso amachitikira

Nzeru ya mayesowa ndi yosavuta kuimva: wogona amadzuka akamugogodera, koma wokomoka sadzuka. Mwana wosabadwa amamva. Kafukufuku yemwe Jason Birnholz ndi Beryl Benacerraf adasindikiza m'magazini ya Science m'chaka cha 1983 adaonetsa kuti ana amayamba kudzidzimuka ndi phokoso pakati pakafika masabata 24 kapena 25, ndipo pakadutsa masabata 28 amayankha mosalephera. Podzafika nthawi yobadwa, makutu ndi mitsempha yotengera uthenga kuubongo zimakhala zitakhwima.

Chida chomwe chimagwiritsidwa ntchito ndi chaching'ono, chogwira m'dzanja limodzi ngati tochi, ndipo chimayendera mabatire. Poyamba madotolo ankabwereka kachida komwe kadapangidwira anthu omwe adachotsedwa kholingo chifukwa cha khansa, komwe kamanjenjemera pakhosi kuti athe kutulutsa mawu. Chidacho amachikhazika pamimba pa mayi, kufupi ndi pomwe pali mutu wa mwana, n'kuchiliza kwa masekondi ochepa, kawirikawiri osapitirira asanu. Chimatulutsa mawu ong'ung'uza pamodzi ndi kunjenjemera komwe kumadutsa m'madzi ozungulira mwana. Mwana akapanda kuyankha, amadikira pafupifupi mphindi imodzi n'kubwereza, koma sapitirira katatu.

Yankho lomwe amaliyembekezera ndi lakuti mtima ukwere ndi maulendo osachepera 15 pamwamba pa momwe umagundira, ndipo ukhale pomwepo kwa masekondi osachepera 15. Nthawi zambiri mayi amamvanso mwana akugunda. Zikatere, mpata woti m'magazi a mwanayo muli asidi wochuluka umakhala wochepa kwambiri, ndipo matenda akhoza kupitirira akuyang'aniridwa. Ubongo wosowa mpweya sutha kutumiza uthenga woti mtima uthamange, choncho mwana wobanika kawirikawiri amangokhala chete.

Komabe mayesowa amalankhula momveka mbali imodzi yokha. Mwana akayankha, ndi umboni wolimba wakuti pa nthawiyo ali bwino. Akapanda kuyankha, si umboni wakuti wabanika, chifukwa ana ambiri osayankha amabadwa athanzi. Kusayankha kumangouza azaumoyo kuti aunike mozama ndi kukonzekera kuchitapo kanthu. Ndiponso yankho labwino limanena za mphindi imeneyo basi. Matenda amasintha, ndipo mwana amene adayankha bwino 2 koloko akhoza kukhala pamavuto 4 koloko. Pamene mtima watsika kwambiri n'kukhala pansi osakwera, imeneyo si nthawi ya mayeso ayi, koma yopulumutsa mwana.

Zomwe kafukufuku adapeza

Bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo padziko lonse, lidatulutsa malipoti awiri pankhaniyi m'chaka cha 2013. Loyamba lidaunika amayi omwe matenda adali asadayambe. Litaphatikiza kafukufuku 12 wokhudza amayi oposa 6,800, lidapeza kuti phokoso limachepetsa nthawi yoyezera mwana pamakina komanso limachepetsa chiwerengero cha ana omwe amakayikiridwa pomwe adangogona. Lachiwiri lidafuna kudziwa phindu la njirayi pa nthawi yeniyeni yochira, koma silidapeze kafukufuku ngakhale mmodzi woyerekeza magulu awiri a amayi mwa ndondomeko yodalirika. Tanthauzo lake n'lakuti njirayi imathandiza kumasulira zomwe mtima ukuonetsa, koma umboni woti payokha imachepetsa imfa za ana kapena maopaleshoni sudapezeke.

Pa za chitetezo, ana omwe adatsatiridwa atabadwa sadapezeke ndi vuto la kumva lochokera ku mayesowa. Koma zidaonekanso kuti ana ena, makamaka osakwana masiku, mtima wawo umathamanga kwa nthawi yaitali ndipo amatakataka mosakhazikika akadzidzimutsidwa. N'chifukwa chake awa ndi mayeso a kuchipatala, ochitidwa ndi munthu amene akumvetsera mtima pa nthawi yomweyo. Kugunditsa foni, wailesi kapena chitini pamimba kunyumba sikuuza munthu chilichonse chodalirika, ndipo kukhoza kupereka chilimbikitso chabodza kwa banja lomwe limayenera kukhala lili kale panjira ya kuchipatala.

Pali njira ina yofanana nayo yosafuna chida. Khomo la chiberekero likatseguka, mzamba poyeza njira amasisita mutu wa mwana ndi chala kwa masekondi pafupifupi 15, n'kumvetsera ngati mtima wakwera. Madotolo a ku America, motsogozedwa ndi Steven Clark, adafotokoza njirayi m'zaka za m'ma 1980. Njira ziwirizi zidabwera pofuna kuchepetsa mayeso ena omwe dotolo wa ku Berlin, Erich Saling, adayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, otenga kadontho ka magazi pamutu pa mwana ali m'njira. Mayeso a magaziwo amafuna makina apadera, ndipo sachitidwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV poopa kupatsira mwana kudzera pabala. M'dziko ngati Malawi, momwe ntchito yoteteza ana kuti asatenge kachilomboka kwa amayi awo yapita patsogolo kwambiri, njira zosaboola khungu ndi zomwe zili ndi malo.

Chida chomwe chili m'manja mwa azamba a ku Machinga ndi Balaka

Mayeso a phokoso adapangidwira zipatala zomwe zili ndi makina a CTG, omwe amamangirira pamimba n'kumalemba kugunda kwa mtima wa mwana papepala mosalekeza. Makina otere amafuna magetsi, mapepala apadera ndi munthu wodziwa kuwawerenga, ndipo kuno kwathu amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu. M'zipatala zazing'ono monga za Ntaja, Nsanama, Chikweo ndi Nayuchi ku Machinga, kapena Mbera, Kalembo ndi Utale ku Balaka, chida chodziwika ndi kalipenga komwe mzamba amakakhazika pamimba n'kutsamiritsa khutu mbali inayo. Kadapangidwa ndi dotolo wa ku France, Adolphe Pinard, m'chaka cha 1895, ndipo sikafuna batire ngakhale magetsi. Pambali pake pali kachida ka Doppler, komwe kamakweza mawu a mtima kuti nayenso mayi awamve ndipo kamaonetsa nambala.

Kusowa kwa makina a CTG si tsoka lalikulu monga ena angaganizire. Cochrane idapeza kuti kumangirira makinawa kwa mayi nthawi yonse ya matenda kumachepetsa ndi theka vuto la kukomoka kwa makanda, koma sikuchepetsa imfa zawo, ndipo kumachulukitsa maopaleshoni. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a m'chaka cha 2018 amati kwa mayi wathanzi amene matenda ayamba okha, kumvetsera mtima nthawi ndi nthawi ndi kalipenga kapena Doppler n'kokwanira. Kafukufuku yemwe adachitika ku Harare m'dziko la Zimbabwe, n'kusindikizidwa m'chaka cha 1994, adaonetsa kuti Doppler imathandiza kuzindikira mavuto a mtima wa mwana kuposa kalipenga.

Chofunika kwambiri ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mtima umamveredwa. WHO imati matenda akakhwima, mtima uzimvedwa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, ndipo mayi akayamba kukankha, mphindi zisanu zilizonse. Ulendo uliwonse mzamba azimvetsera kwa mphindi yathunthu, kuyambira pamene chiberekero chakungika mpaka masekondi osachepera 30 chitamasuka, pakuti mtima womwe umachedwa kubwerera mwakale ululu utadutsa ndiwo umachenjeza za kubanika. Zomwe wapeza amazilemba papepala la partograph, lomwe R. H. Philpott ndi W. M. Castle adalikonza ku Zimbabwe m'chaka cha 1972 kuti azamba akutali ndi madotolo azidziwa nthawi yotumiza mayi kuchipatala chachikulu.

Masamu ake ndi omwe amaonetsa kulemera kwa ntchitoyi. Mayi mmodzi amene akukankha amafunika kumveredwa ka 12 pa ola limodzi. Ngati m'chipindamo muli amayi ena anayi omwe matenda akhwima, akufunika maulendo ena osachepera asanu ndi atatu pa ola lomwelo. Mzamba akakhala yekha usiku, ndipo iye yemweyo ndi amene akulandira mwana, kusoka, kulemba ndi kuitana ambulansi, mipata ina imadumphidwa ngakhale iye atakhala wakhama chotani. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 730,000 m'boma la Machinga ndi oposa 430,000 m'boma la Balaka. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti amayi 91 mwa 100 alionse m'dziko muno amachirira kuchipatala, komabe makanda 27 mwa 1,000 obadwa amoyo ankamwalira mwezi usadathe. Kafukufuku yemweyo adaika Machinga m'gulu la maboma omwe atsikana ambiri amatenga pakati ali achichepere, ndipo matupi osakhwima ndi omwe kawirikawiri amavutika ndi matenda otalika. Amayi adamvera uthenga wochirira kuchipatala. Chatsala ndi kuonetsetsa kuti akafika, mtima wa mwana ukumvedwa mokwanira.

Zipangizo zatsopano zikuyesa kuchepetsa mtolowu. Kampani ya Laerdal ya ku Norway, mogwirizana ndi zipatala za ku Tanzania, idapanga kachida kotchedwa Moyo, komwe amakamangirira pamimba ndipo kamalira kokha mtima ukapatuka pamuyeso. Pachipatala cha Area 25 ku Lilongwe, mgwirizano wa Unduna wa Zaumoyo ndi chipatala cha Texas Children's cha ku America udabweretsa makina omwe amatsatira mtima wa mwana aliyense n'kuchenjeza azaumoyo kudzera pakompyuta, ndipo malipoti a m'chaka cha 2024 adati imfa za ana pachipatalapo zatsika kwambiri. Koma pamalopo padabweranso chipinda cha opaleshoni ndi ogwira ntchito owonjezera, zomwe zikuphunzitsa kuti chenjezo limapindula pokhapokha pali woti achitepo kanthu.

Chenjezo likamveka

Mtima ukapezeka kuti watsika pansi pa 110, wakwera kupyola 160 kapena ukuchedwa kubwerera mwakale, mzamba amayamba wagwira dzanja la mayi kuti atsimikize kuti zomwe akumva si mtima wa mayiyo. Kenako amamugoneka chammbali, makamaka kumanzere, kuti chiberekero chisapsinje mitsempha ikuluikulu. Amamuika diripi ngati madzi achepa m'thupi, amaimitsa mankhwala ofulumizitsa matenda ngati amaperekedwa, ndipo amayeza njira kuti aone ngati chingwe cha mchombo sichidatsogole. Amayang'ananso mtundu wa madzi a nsupa, chifukwa madzi obiriwira ndi olimba amasonyeza kuti mwana wachita chimbudzi m'mimba, zomwe nthawi zina zimayendera limodzi ndi kubanika.

Zinthu zikapanda kusintha, mwana ayenera kubadwa msanga, kaya pomukoka ndi chida cha vakyumu ngati mutu watsika mokwanira kapena kudzera pa opaleshoni. Zipatala zazing'ono sizichita opaleshoni. Mayi wa ku Nayuchi, kumalire ndi dziko la Mozambique, kapena wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta amayenera kutengedwa mpaka ku Liwonde, ndipo wa ku Utale kapena Phimbi amapita ku Balaka, pamisewu yomwe imavuta nthawi ya dzinja. Apa ndi pomwe mayeso odzutsa mwana angakhale ndi phindu lenileni kumadera otere: kuthandiza mzamba kusankha yemwe akufunika ambulansi pompopompo ndi yemwe angapitirize kuyang'aniridwa pomwepo. Mwana akabadwa osalira, mphindi yoyamba ndi yamtengo wapatali. Maphunziro a Helping Babies Breathe, omwe azamba ambiri m'dziko muno adachita, amaphunzitsa kumupukuta, kumusisita pamsana ndi kumupopera mpweya mphindi imodzi isadathe.

Gawo la mayi ndi abale ake

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, koma mwana wosabadwa nthawi zambiri amachenjeza, ndipo woyamba kumva ndi mayi ake. Pakati pakakula, mayi amadziwa nthawi zomwe mwana wake amagunda. Kugundako kukachepa kwambiri kapena kusiya, ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti kuche kapena kuti tsiku la sikelo likwane. Chimodzimodzi akaona magazi, nsupa ikasweka matenda asadayambe, madzi akatuluka obiriwira, mutu ukamapweteka kwambiri, maso akamachita chidima kapena thupi likatentha.

Amayi okhala kutali amalangizidwa kukadikirira kuchidikiro masiku akayandikira. Amene wamwa mankhwala azitsamba ayenera kuuza mzamba mosabisa, chifukwa zimathandiza kudziwa chomwe chikuchititsa chiberekero kukungika mopyola muyeso. Matenda akatalika, chifukwa chake chimakhala m'thupi, monga kukula kwa mutu wa mwana kapena momwe wagonera. Chikhulupiriro chakuti mayi kapena mwamuna wake adayenda njira zachibwana chimangotayitsa maola omwe akadapulumutsa mwana. Mayi ndi womudikirira ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti mtima wa mwana udamvedwa nthawi yanji komanso kuti ukugunda motani, ndipo Doppler ikakhalapo akhoza kupempha kuti aumve yekha.

Boma la Balaka lili ndi mbiri yake pankhani yofikitsa uphungu kwa amayi. Kumeneko ndi komwe ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni idayambira m'chaka cha 2011, mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, isadafalikire dziko lonse n'kukhala m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Ntchitoyi imathandiza pa mafunso a uchembere, ngakhale kuti pa zizindikiro zoopsa choyamba ndi kunyamuka.

Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko omwe adavomereza m'chaka cha 2014 cholinga chakuti pofika 2030, ana obadwa atamwalira asapitirire 12 mwa 1,000 alionse. Kachida koliza phokoso pamimba kakhoza kuthandiza kusiyanitsa mwana wogona ndi wobanika, ndipo chala cha mzamba wophunzira bwino chikhoza kuchita zofananazo popanda batire. Koma ku Machinga ndi Balaka, kukwaniritsa cholingachi kudzatengera kuchuluka kwa azamba pa usiku umodzi, mabatire a Doppler, mafuta a ambulansi ndi chipinda cha opaleshoni chomwe chili chokonzeka pa ola lomwe mtima wa mwana wayamba kutsika.